Mfuti Yopanda Bawuti

Apongozi anga aamuna anali ndi mfuti zinayi, koma anyani ankatidyera chinangwa ngati analima okha. Anthu a ku Kande ankaiseka nkhani imeneyi mpaka kugwira nthiti. Mfutizo zinali za asilikali, zenizeni, osati magogodera aja othira onga kukamwa, koma panalibe ndi imodzi yomwe imene ikanapha ngakhale nkhuku. Mzungu wa pa boma ku Chintheche anawalola kuzisunga pokhapokha zitathiridwa mtovu m'mipope, ndipo iwo anavomera osawiringula. Kuwombera analibe nako ntchito. Ankati anawombera mokwanira kumpoto kuja, kutsidya kwa Songwe, nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, ndipo chimene ankafuna tsopano chinali kungoziona ndi kuzipukuta.

Ine ndinafika pakhomopo ndili mtsikana wa ku Sanga wongolowoledwa kumene, nkhondo yachiwiri isanayambe. Apongozi aakazi anali atamwalira kale, ana awo aakazi atakwatiwa kutali. Pakhomo tinalipo atatu: nkhalambayo, mwana wawo wamwamuna amene anali mmodzi yekha, ndi ine. Sipanapite nthawi, tinatsala awiri.

Mwamuna wanga, ndimutchula choncho popanda ulemu chifukwa ulemuwo anapita nawo yekha, ananyamuka kupita ku Halale monga ankachitira mwamuna aliyense wa kwathu amene anali ndi miyendo iwiri. Sindinamuletse. Ukanaletsa mwamuna kupita kukagwira ntchito masiku amenewo, akazi anzako akanakuseka kuti ukufuna kumuveka nsalu yako. Ndinamusinjira ufa wa panjira, ndinamuwambira nsomba, ndinachita zonse zimene mkazi amachita.

Amuna ena akamanyamuka, akwawo ankawamangira mankhwala a panjira m'chiuno. Apongozi anali mkulu wa mpingo, chithumwa sakanachikhudza ndi chala chomwe. Koma mtima wa kholo ndi umodzi, kaya limanyamula buku la nyimbo kaya ayi. Anatenga mfuti imene ankaikonda kuposa zonse, yaitali, ya Ajeremani, imene anabwera nayo okha kuchokera ku nkhondo, n'kusolola bawuti wake. Bawuti ndi chitsulo chija chokhala ndi kachigwiriro kobulungira, chimene msilikali amakoka ndi kukankha polowetsa chipolopolo. Chikachoka, mfuti imatsala ndi mpata wautali pamsana. Chitsulocho anachipereka kwa mwana wawo n'kumuuza kuti mfutiyo ikhala yosatseka mpaka iye adzabwere nacho ndi dzanja lake.

Masiku otsalawo chitsulocho chinakhala m'nyumba mwathu. Chinali cholemera, chamafuta, ndipo ndinaona kuti chimudetsera malaya m'mtolo. Ndinang'amba ngodya ya nsalu yanga ya ukwati, yofiira ya timadontho toyera, ndi kusoka kathumba koikamo. Apongozi sanakaone kathumbako, chifukwa kanalowa mumtolo tsiku lomwelo.

Kwathu mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'anana ndi apongozi ake aamuna. Sulankhula nawo, sutchula dzina lawo, ukawaona akubwera m'njira umapatuka n'kugwada patchire nkhope utalozetsa kwina. Pakhomo pakakhala anthu ambiri, mwambo umenewu sulemera. Ukafuna kanthu umatuma mwana, kapena umauza apongozi aakazi. Koma ife tinalibe mwana woti n'kumutuma, ndipo apongozi aakazi anali kumanda. Pakati pa nyumba yanga ndi yawo panali mpanda wa bango, ndipo pothera mpandawo panali chitsa. Kondowole ndi ndiwo ndinkasiya pachitsapo, n'kutsokomola kuti adziwe, n'kuchoka. Mbale zikatha ankazibwezera pomwepo, nawonso n'kutsokomola. Miyezi yoyambayo kucheza kwathu konse kunali chifuwa.

Ndinasungulumwa kwambiri. Masana ndinkapita kumadzi kumene tinkaviika chinangwa, kumeneko kunali akazi anzanga ndi phokoso lawo, koma aliyense pobwerera ankapita kwa ana ake. Ine ndinkabwerera ku nkhuku. Panali masiku ena amene ndinkazindikira dzuwa litapendeka kuti chidzukire sindinatsegule pakamwa, kupatula podya.

Tsiku lina m'mawa ndinali nditayanika chinangwa chosinja pathandala, ndili kuseri kwa mpanda kusenda china. Apongozi anali atayala mphasa pansi pa mtengo wa mango ndi kundandalika mfuti zawo monga ankachitira kukacha bwino. Ndinangomva akulankhula mokweza, mawu oposa amene munthu amalankhula payekha.

"Iwe wa ku Usisya, ukuiona mitambo ikuchokera kumapiri ija? Za pathandala zija zinyowa."

Ndinasuzumira pabango. Panalibe munthu wa ku Usisya aliyense. Anali atanyamula mfuti imodzi m'manja, maso ali pa iyo. Ndinayang'ana kumapiri, mitambo inalidi yakuda bii. Ndinathamanga kukaanula, ndipo mvula inafika nditangolowetsa dengu lomaliza.

M'mawa mwake ndinayesa nanenso. Ndinawaza gaga pafupi ndi mpanda, nkhuku zitasonkhana ndinauza thadzi lina lamawangamawanga kuti lisanyade, chifukwa pakhomo pano mchere watha ndipo likaphedwa lidyedwa lozizira. Kuseri kwa mpanda kunamveka kakuseka kochokera m'mphuno. Madzulo ake ndinapeza mchere pachitsa, wokulunga m'tsamba la nthochi. Kuyambira pamenepo iwo ankalankhula ndi mfuti, ine ndi nkhuku, ndipo mwambo sitinauphwanye ngakhale pang'ono.

Mfutizo ndinazidziwa zonse ndi khutu, ndisanaigwirepo ndi imodzi yomwe. Ya ku Usisya anaipeza kwa mayi wina wamasiye amene ankachirikizira nayo chitseko. Anangomva mphekesera chabe, koma anapalasa bwato mpaka kumeneko ndi mbuzi yomanga miyendo, n'kubwerako ndi mfuti. Ina ankaitcha ya m'madzi, chifukwa inatuluka m'khoka la asodzi cha ku Bandawe, mtengo wake utada ngati khala. Yachitatu inali yaifupi, ya Angerezi, yonenepa kukamwa, imene ankaitonza kuti ndi yaulesi. Yachinayi inali yaitali ija, yopanda bawuti. Ndi imeneyo ankalankhula motsitsa mawu, ndipo nkhani zake sizinali za mvula kapena mchere.

Kupenda mfuti kwa iwo kunali ngati mapemphero. Ankayamba asamba m'manja. Kenako ankatenga imodzi, n'kusolola bawuti, n'kupukuta ndi kansalu kofewa, mafuta n'kumapaka ndi nthenga ya nkhuku m'malo mosafika chala. Akatero ankaipendeketsa padzuwa kufuna zidindo: kambalame kotambasula mapiko pa ya Ajeremani, chisoti cha mfumu pa ya Angerezi, ndi manambala. Za manambala ndiye ankazibwereza mpaka ine kuziloweza. Ankati chitsulo chilichonse cha mfuti imodzi chimadindidwa nambala yofanana, monga ana a mimba imodzi, ndipo mfuti imene yavala chitsulo cha inzake ndi yabodza, ngakhale itaoneka bwino bwanji. Zipsera za pamtengo sankazifafaniza. Pena panali pobenthuka pamene mfuti inagunda mwala, pena posalala pamene tsaya la msilikali linkatsamira, pena timizere timene mwini wake woyamba anajambula ndi mpeni atasowa chochita. Zonsezo ankazisisita ndi chala n'kumafunsa mfutiyo kuti unagwa kuti, anakusiya ndani.

Bambo wina wa ku Chintheche anamva kuti kuli nkhalamba yokonda mfuti, ndiye anabwera ndi yake kudzasinthitsa ndi khoka. Pofuna kusangalatsa apongozi, anali ataikwecha ndi mchenga ndi phulusa monga timachitira ndi poto, chitsulo chili mbee, ndipo mtengo wakumbuyo anali atasemetsa watsopano wa mbawa. Apongozi anaiyang'ana kanthawi, n'kuibweza ndi manja awiri, n'kumuuza kuti waipha. Bamboyo anachoka akung'ung'udza kuti nkhalambayi imakonda dzimbiri. Anyamata a malipenga nawonso ankabwera chaka ndi chaka kudzapempha mfuti zoti mfumu yawo ya gule ikanyadire nazo pabwalo, ndipo chaka ndi chaka ankabwerera ndi ndodo zawo zomwezo.

Mafuta opukutira ndinkayenga ndine. Nsatsi zinkamera zokha kudzala. Ndinkathyola, kuyanika, kukazinga, kusinja, kuwiritsa, n'kuyengula mafuta apamwamba ndi chikombe cha nkhono. Akazizira ndinkathira m'kabotolo ndi kusiya pachitsa pamodzi ndi chakudya. Palibe anandituma. Ndinangomva tsiku lina akudandaulira ya m'madzi kuti mafuta a nsomba akuinunkhitsa. Akazi anzanga atadziwa anayamba kunditcha mkazi wa mfuti, ndipo ankandifunsa kuti mwa zinayizo ndi iti imene imandifunditsa kukazizira. Ndinkawayankha kuti yanga ilipo ndipo imagona pakhomo, nanga awo aja ali ku Joni amagona kuti? Pakamwa ndinali napo, koma pobwerera kunyumba mawu awo ankanditsata.

Chaka choyamba mwamuna wanga anatumiza bulangeti kudzera mwa munthu wina wobwerera. Chaka chotsatira anatumiza moni wapakamwa. Kenako kunangoti zii. Anzake amene ananyamuka naye anabwerako ndi masuti ndi njinga, ena anapitanso, ena anabwerakonso, iye osaoneka. Anthu anayamba kumutchula mchona, poyamba ine ndikapotoloka, pambuyo pake ndili pomwepo. Atsikana amene ndinawasiya akusewera pamchenga anakwatiwa n'kubereka. Ine ndinkafuna mwana. Ndinkamufuna mpaka m'mafupa, moti ndikanyamula wa mnzanga ndinkafulumira kumubweza kuopa kuti nkhope yanga ingandiulule.

Mlongo wanga wamkulu anabwera kuchokera ku Sanga kudzandiuza kuti ndibwerere kwathu. Kunali bambo wina wosema mabwato, wofedwa mkazi, munthu wofatsa, amene anali atafunsa za ine. Mlongo wangayo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ine ndakhala ndikudikira wa pachala mpaka mphepo yamuulutsa. Koma panali chovuta chimodzi. Tonse tinali a mpingo, ndipo akulu a mpingo sakanandimasula popanda umboni woti mwamunayo wandisiyadi. Woyamba kumufunsa akanakhala bambo wake, amenenso anali mmodzi wa akuluwo. Mawu a apongozi ndiwo anali chitseko changa.

Tinkalankhula pakhonde panga, ndipo mpanda wa bango subisa mawu. M'mawa mwake apongozi anayala mphasa, n'kutenga yaitali ija, n'kumapaka mafuta mumpata wopanda kanthu uja. Anaiuza kuti isatope, chake chikubwera, mwana wawo sanganame. Ine ndinauza nkhuku kuti nazonso zimakalamba ndipo zimasiya kuikira.

Nyengo ya mwera ikutha kunafika mlendo. Anali bambo wa ku Usisya amene ankachokera ku Halale, akuyenda pansi kutsata nyanja, bokosi lachitsulo pamutu, nsapato atazikoloweka m'khosi kuti zisathe asanafike kwawo. Anafunsira m'mudzi za nkhalamba ya mfuti, ndipo anamulozera kwathu. Apongozi anamulandira pansi pa mango paja ndi moni wa kwathu wa timuwoneni, iye n'kuyankha yewu. Ine ndinasiya madzi akumwa pachitsa ndi kukagwada kuseri kwa mpanda, pamene bango linali lotalikirana.

Mlendoyo anafotokoza kuti kukomboni kumene ankakhala anakumana ndi munthu wolankhula chikwathu, amene anati ndi wa ku Kande. Munthuyo anali ndi ntchito yabwino, anali ndi mkazi wa konko ndi ana, ndipo za kubwerera sankazitchula. Atamva kuti mnzakeyo akupita kumudzi, anamupatsa kanthu koti akapereke kwa bambo wake, n'kunena kuti palibe mawu ena, akakaona akamva okha. Mlendoyo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kathumba. Kanali katada ndi litsiro, kufiira kwake kutazilala, koma timadontho toyera tija tinali tikuonekabe. Ndinakazindikira kasanafike n'komwe m'manja mwa apongozi.

Sindinalire. Chimene ndinamva chinali ngati munthu wanditula mtolo wa nkhuni umene ndinaiwala kuti ndausenza, ndipo khosi linayamba kuwawa pamenepo. Mwamunayo anali moyo, anali wa wina, ndipo anali atanena yekha m'njira imene bambo wake sakanaikana.

Apongozi anamasula kathumbako n'kutulutsa chitsulo chija. Anachipukuta ndi nsonga ya malaya, anachitembenuza uku ndi uku, anachipendeketsa padzuwa monga ankachitira pofuna nambala. Anachiyang'ana nthawi yaitali kwambiri. Mfuti yaitali ija inali m'nyumba, pafupi pomwepo, koma sanadzuke kukaitenga.

"Pepani ada, mwavutika ndi katundu wa eni," anatero. "Chitsulo ichi si cha mfuti yanga. Nambala yake ndi ina. Amene munakumana nayeyo si mwana wanga. A ku Kande ndi ambiri kumeneko."

Mlendoyo sankamudziwa kale mwamuna wanga, ndipo dzina limene ankatchulidwa nalo ku Halale linali la kuntchito, monga ankachitira ambiri. Anapepesa, anamwa madzi, n'kupempha kuti chitsulocho chitsale pomwepo poti iye sakanapita nacho ku Usisya. Anasenza bokosi lake n'kumapita.

Mudzi wonse unakhulupirira. Ndani akanatsutsana ndi nkhalamba ija pa nkhani ya mfuti? Akulu a mpingo atamva anati ngati bambo wake akuti si iyeyo, ndiye kuti si iyeyo, mkaziyo apirire. Mlongo wanga anabwera, anamva, anabwerera atakwiya. Ndinamuuza za kathumba, koma iye anati mawu a mkazi onena za kansalu sangagwetse mawu a mkulu wa mpingo onena za chitsulo, ndipo nsalu zofiira zamadontho zadzaza m'masitolo monse.

Ndinapsa mtima koopsa. Munthu woyambitsa nyimbo m'tchalitchi, munthu amene anabweza mfuti chifukwa chovala mtengo wachilendo, anali atanama dzuwa likuswa mtengo, ine ndikuona. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Ine ndikachoka, ndani akanasiya mbale pachitsa? Ndani akanatsokomola? Koma kudziwako sikunandiziziritse mtima. Ndinkafuna kuthyola mpandawo ndi kuwafunsa m'maso, koma miyendo imene inazolowera kugwada patchire siphunzira zina tsiku limodzi. Chimene ndinatha n'kusiya kulankhula ndi nkhuku. Gaga ndinkawaza kutali ndi mpanda, chakudya ndinkasiya pachitsa osatsokomola.

Iwo anachulukitsa nkhani. Ankauza ya ku Usisya za mitambo ngakhale kumwamba kuli mbee. Ankauza yaifupi ija kuti kondowole wa dzulo anali wosalala bwino, chinthu chimene sananenepo zaka zonsezo. Yaitali ija anayamba kuiuza za ku nkhondo: za njala, za amtengatenga amene ankagwa m'njira, za mnzawo wina amene anamusiya atatsamira mtengo atamulonjeza kuti abwera kudzamutenga. Ine ndinkakokera mtondo pafupi ndi kusinja mwamphamvu kuti ndisamve. Musi ukatopa ndinkapeza akulankhulabe.

Mvula inayamba, nyengo imene dzimbiri limavuta. Ndinaona kuti kabotolo ka mafuta kakubwerera pachitsa msanga kuposa kale. Mfuti zinayi ndinkadziwa mmene zimamwera. Zinali zoonekeratu kuti m'nyumba muja muli chinthu chinanso chimene akuchipaka mafuta chitseko chili chotseka. Munthu sasamala choncho katundu wa eni.

Nsalu yanga ya ukwati ija inali ikadalipo pansi pa bokosi, sindinkaivala. Ndinaitulutsa, ndinaichapa, ndinaiyanika kuseri kwa nyumba. Tsiku loyenga mafuta litafika ndinadzaza kabotolo, ndinakaika pachitsa, n'kukavindikira ndi nsaluyo, ngodya yong'ambika ija italendewera mbali ya kwawo. Ndinatsokomola, koyamba pa nthawi yaitali, n'kuchoka.

Ndinamva mapazi awo akubwera pachitsa, n'kuima. Anaima pamenepo mpaka nkhuku zinayamba kutola pafupi ndi mapazi awo. Kenako anabwerera m'nyumba.

Masiku otsatira mphasa sinayalidwe. Kunkacha bwino, dzuwa lotentha loyenera kuyanika mfuti, koma pansi pa mango panali masamba okhaokha. Mbale zinkabwerera chakudya chitangotsinidwa pambali. Sindinena kuti ndinalakwa, ndipo mpaka lero sindinatero, koma bata limenelo linandipweteka kuposa la miyezi yoyamba ija. Kale sindinkadziwa chimene ndikusowa. Tsopano ndinkadzipeza nditaima ndi musi m'manja, khutu lili kumpanda, kudikira kuti wina anene za mitambo. Ndinawaza gaga pafupi ndi bango n'kuuza nkhuku kuti munthu wosadya amadwala.

Tsiku lina mvula itagwa m'mamawa n'kukata, ndinamva mphasa ikukokedwa. Ndinasuzumira. Anali atatulutsa mfuti imodzi yokha, yaitali ija, ndipo pambali pake panali nsalu yanga yopinda bwino, kathumba kali pamwamba. Anasamba m'manja. Anatulutsa chitsulo chija, chili chonyezimira ndi mafuta anga, n'kuchilozetsa pampata paja. Chinalowa chokha ngati chinachoka dzulo. Anakankha, n'kutsitsa kachigwiriro, ndipo kunamveka kuti khetche.

"Mwana wanga."

Ndinayesa kuti akuuza mfutiyo.

"Ndikunena iwe uli kuseri kwa bango. Bwera ukhale pamphasa pano."

Ndinazungulira chitsa chija. Ndinagwada kumapeto kwa mphasa, nkhope nditalozetsa kunyanja monga mwa mwambo.

"Ndiyang'ane," anatero. "Munthu amapewana ndi mkamwana wake. Ine mkamwana ndilibe."

Ndinawayang'ana. Zaka zonsezo ndinkawaphikira munthu amene ndinkamudziwa msana, mapazi ndi mawu, ndipo pabango ndinkangoona mbali ya mutu wowerama. Anali ndi nkhope yaing'ono kuposa mawu awo. Diso limodzi linali litachita ng'ala, ndipo ndinazindikira chifukwa chake ankapendeketsa zitsulo padzuwa nthawi yaitali chonchija. Ananyamula mfutiyo n'kuiika pamiyendo panga. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo inkanunkha nsatsi. Anaika chala pa nambala ya pabawuti, n'kuchisunthira pa nambala ya pathupi la mfutiyo, kuti ndione ndekha. Sukulu ndinapitako pang'ono, manambala ndinkawadziwa. Anali amodzimodzi.

Anandiuza kuti ananama, ndipo anadziwa kuti chitsulocho ndi chawo chisanatuluke chonse m'kathumba. Anati apita okha kwa akulu anzawo kukanena zimenezo, ndipo atumiza mawu ku Sanga kuti mlongo wanga abwere kudzanditenga. Sanapemphe kuti ndiwakhululukire, ndipo sanatchule mwana wawo. Ine mkwiyo wonse umene ndinausunga miyezi ija ndinaufunafuna osaupeza. Mawu oyamba amene ndinalankhula nawo maso ndi maso anali opusa.

"Ada, nanga mafuta azikuyengerani ndani?"

"Za dzimbiri undisiyire ine," anatero.

Anapitadi, wapansi, ndi ndodo yawo. Zimene ananena kumeneko sindinazimve, koma anawaimitsa paukulu wawo kwa kanthawi, ndipo ine anandimasula. Podikira mlongo wanga ndinathyola nsatsi zonse zimene ndinazipeza, za kwathu ndi za kudzala kwa eni, n'kuyenga mafuta odzaza mabotolo onse amene anali pakhomopo. Masiku amenewo tikanatha kucheza ngati bambo ndi mwana wake, poti chotiletsa panalibenso, koma tinalibe chizolowezi chake. Tikakumana pachitsa tinkapatsana moni ngati anthu a m'sitima, aliyense n'kubwerera mbali yake.

Tsiku lonyamuka mlongo wanga anasenza bokosi langa n'kutsogola. Nkhuku ndinazisiya. Apongozi anali pansi pa mango, mfuti zonse zinayi zili pamphasa, zonse zotseka, kansalu kali m'manja. Ndinagwada n'kutsazika, iwo anati yewu, uyende bwino, ukapereke moni kwa akwanu. Nditadzuka sindinadzere njira yachidule. Ndinazungulira kuseri kwa mpanda ndi kuyenda pang'onopang'ono, kudikira kuti mwina auza mfuti ya ku Usisya ija kanthu kena, za mitambo, za njira, kaya za chiyani. Ndinangomva nthenga ikukhudza m'kabotolo.

Ndinakwatiwa ndi wosema mabwato uja, ndipo ana ndinabereka. Ku Kande sindinabwerereko msanga, poti mkazi wa mwini sapita kukacheza kumene anasudzulidwa. Woyamba ali kumsana ndinakumana ndi mayi wina wa kumudzi kuja, mmodzi wa amene ankanditcha mkazi wa mfuti, atabwera ku maliro kwathu. Ndinamufunsa za nkhalamba ija. Anati ilipo, ikudya kwa mdzukulu wa mlongo wake amene amatumiza mwana ndi mbale, ndipo mfuti ikuziyanikabe kukacha bwino. Kenako anaseka n'kundigwira mkono.

"Koma misala ija inatha, mnzanga. Chichokere iwe, palibe anaimvaponso ikulankhula ndi mfuti."

Ankanena ngati nkhani yabwino. Ndinamuyankha kuti yewu, n'kutembenuka ngati ndikukonza mbereko ya mwana.